PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MATENDA A MNZATHU, NDANI AYENERA KUSUNGA CHINSINSI?

Kuwerenga: Miyambo 11:13, Marko 5:25-34, Mateyu 1:18-19

Phunziro ili ndiliyamba ndi kuulula cholakwa changa. Zaka zapitazo mayi wina wa m'chigawo chathu anandiitanira pambali titatuluka m'mapemphero. Anandiuza kuti anapita kukapimitsa magazi ndipo zotsatira zake sizinali zabwino. Analira, inenso ndinalira. Anandipempha kuti ndizimupempherera. Pa msonkhano wotsatira wa Chigwirizano, itafika nthawi yopempherera odwala, ndinaimirira ndi mtima wachifundo ndi kunena kuti, "Amayi, timukumbukire mnzathu uje, ali m'mayesero aakulu a matenda aja." Dzina la matendawo sindinalitchule, koma panalibe amene sanamve. Pofika tsiku la Sabata nkhani inali itafika kwa apongozi ake, iye asanauze n'komwe mwamuna wake. Mayi ameneyo sanavalenso yunifomu pakati pathu. Anasamukira ku mpingo wina kutsidya kwa mzinda, ndipo tikakumana pa City Market amandipatsa moni waulemu koma wopanda chimwemwe.

Iye anandipempha kuti ndimupempherere. Za kulengeza ndinawonjezera ndekha.

Masiku amenewo nkhani yotere inkathera pa kupepesana kapena kudana. Lero dziko lathu lili ndi lamulo lonena za kasungidwe ka nkhani za anthu, ndipo ndi bwino kuti ife amayi, amene timachezera odwala kuposa wina aliyense mu mpingo, tilidziwe.

LAMULOLO NDI LITI?

Kuyambira kale madokotala ndi anamwino ali ndi malamulo a ntchito yawo owaletsa kuulula za odwala. Malamulo aakulu a dziko la Zambia, pa Gawo 17, amatetezanso munthu kuti asasechedwe thupi kapena katundu wake, ndiponso kuti ena asalowe pakhomo pake popanda chilolezo chake. Koma mu 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lapadera lotchedwa Data Protection Act, nambala 3 la chaka chimenecho, ndipo linakhazikitsa ofesi ya Data Protection Commissioner yoti iziyang'anira kuti lamuloli likutsatidwa.

Lamuloli likunena za chilichonse chimene chingadziwitse ena kuti munthu ndi uje: dzina lake, nambala ya NRC, nambala ya foni, kumene amakhala, ndi zina zotero. Mwa zimenezi lapatulapo zina kuti n'zofunika kuzisamala koposa, monga mtundu wa munthu, chipembedzo chake, maganizo ake pa ndale, nkhanza zimene mwana anachitiridwa, komanso thanzi lake la thupi ndi la maganizo. Tsono tisaganize za kachilombo ka HIV kokha ayi. Shuga, BP, khansa ya khomo la chiberekero, khunyu, kupita padera, kusabereka, kapena kuti mwana wa uje anagonekedwa ku Chainama, zonsezi zili m'gulu limodzi. Ndipo lamulo silisiyanitsa zolembedwa mu kompyuta ndi zolembedwa m'mafayilo a mapepala.

Ena a inu muli ndi ana amene amagwira ntchito za chipatala ku America, ndipo mwina munawamvapo akutchula HIPAA. Limenelo ndi lamulo la kumeneko la 1996. Limakhudza zipatala, makampani a inshuwalansi ya zaumoyo ndi amene amawagwirira ntchito basi. Lathu ndi lotambasuka kuposa pamenepo. Silifunsa ngati ndinu chipatala. Limafunsa ngati mukusunga ndi kugwiritsa ntchito nkhani za anthu ena. Wochita zimenezi lamulo limamutcha data controller, ndipo angakhale munthu, kampani, sukulu, ofesi ya boma kapena mpingo.

A KUCHIPATALA

Oyamba kumangidwa ndi lamuloli ndi a zaumoyo. Kuyambira ku UTH ndi ku Levy Mwanawasa, kufika ku chipatala cha Chilenje ndi ku makiliniki a Kabwata ndi Chelstone, onse ali pansi pake. Makiliniki olipira a ku Woodlands ndi Kabulonga, malo opimira magazi, masitolo a mankhwala a mu Cairo Road, ngakhalenso zipatala za mishoni monga Nyanje ndi Kamoto kummawa, lamulo ndi limodzimodzi. Wolandira chithandizo chaulere ali ndi ufulu wofanana ndi wolipira ndalama zambiri. Ndanena zimenezi chifukwa ambiri a ife timaganiza kuti chinsinsi ndi cha olemera, ndipo wosauka ayenera kungopirira akamafunsidwa za matenda ake mokweza mawu pamzere.

Madokotala, ma clinical officer, opima magazi ndi opereka mankhwala amalembetsa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia. Anamwino ndi azamba amalembetsa ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, motsatira lamulo lawo la 2019. Mabungwe awiriwa ali ndi mphamvu yolanga wantchito wophwanya mwambo wa ntchito, mpaka kumulanda chiphaso. Nanga kalaliki wopereka makhadi, mayi wokolopa m'wodi, mlonda wa pageti ndi dalaivala wa ambulansi? Amenewa salembetsa ku mabungwe aja, koma chipatala chimene chinawalemba ntchito chimayankha pa zimene iwo aulula. Chimodzimodzi odzipereka a m'makomiti a zaumoyo ndi osamalira odwala m'makomo, ndipo ambiri a iwo ndi amayi a Chigwirizano. Zimene mwaona m'kaundula wa kiliniki si zobwera nazo ku mapemphero.

Apa ndilankhule ndi inu amene muli ndi mwana kapena mpongozi wogwira ntchito kuchipatala. Akabwera kunyumba madzulo, musamufunse kuti, "Ndinaona amake uje akulowa kwanu kuja, akudwala chiyani?" Mukumuika mwana wanu pakati pa ulemu wa kwa mayi ake ndi ntchito imene inamutengera zaka kusukulu. Akakana kuyankha musanene kuti wayamba kunyada. Mwanayo munamulera bwino.

Masiku ano mbiri ya odwala ambiri ili mu kompyuta, m'dongosolo la Unduna wa Zaumoyo lotchedwa SmartCare. Ubwino wake ndi wakuti mukasamuka ku Chelstone kupita ku Chipata, mbiri ya mankhwala anu ingapezeke. Koma namwino wotsegula mbiri ya mnansi wake, amene sakumuthandiza, pongofuna kudziwa, walakwa ngakhale asauze munthu. Lamulo la 2021 likunenanso kuti nkhani za anthu zikabedwa kapena zikatuluka mosayenera, wozisunga ayenera kudziwitsa ofesi ya Commissioner pasanathe maola 24, ndiponso kudziwitsa eni nkhanizo. Mafayilo akale sayenera kutayidwa mwachisawawa. Taganizani mutagula vitumbuwa ndi kupeza kuti pepala lokulungira lili ndi dzina la mkulu wa mpingo wanu pamodzi ndi zotsatira za magazi ake!

Bungwe la NHIMA, limene linabwera ndi lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo la 2018, limaona kuti mwalandira chithandizo chotani kuti lilipire chipatala. Nalonso, pamodzi ndi makampani ena a inshuwalansi, liyenera kugwiritsa ntchito zimene laona pa cholinga chimenecho chokha.

OLEMBA ANZAWO NTCHITO

Bwana wa kuntchito ali ndi chifukwa chodziwira kuti wantchito wake sangagwire ntchito masiku angati, ndipo kalata ya dokotala imakwanira pa zimenezi. Kalatayo ikalowa mu ofesi, ofesiyo yakhala wosunga chinsinsi. Lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, limaletsa kusala wantchito chifukwa cha thanzi lake.

Pa nkhani imeneyi pali mlandu umene tiyenera kuudziwa. Abambo awiri amene ankagwira ntchito ku Zambia Air Force anapimidwa kachilombo ka HIV osauzidwa, ndipo anayamba kupatsidwa ma ARV osadziwa kuti mankhwalawo ndi a chiyani. Mu 2002 anachotsedwa ntchito ponena kuti thanzi lawo silinali bwino. Anapita kukhoti, ndipo mu Meyi 2010 Woweruza Elizabeth Muyovwe wa High Court ku Livingstone anagamula kuti kuwapima popanda chilolezo chawo kunaphwanya ufulu wawo wa chinsinsi, ndiponso kunali kuwachitira zonyazitsa. Aliyense anapatsidwa K10 miliyoni ya ndalama zakale, imene ndi K10,000 pa ndalama zimene zinayamba mu 2013. Khoti silinavomereze kuti anachotsedwa ntchito chifukwa cha kachilomboko, motero sanapambane pa zonse. Ndalamazo zinali zochepa poyerekeza ndi zaka zimene anavutika. Komabe chigamulo chimenechi chinatsimikiza kuti ngakhale asilikali, amene moyo wawo ndi womvera malamulo a akuluakulu, magazi awo ndi awo.

Mwina mukuti, "Ine si bwana, zimenezi sizindikhudza." Koma ambiri a ife tili ndi mtsikana wotithandiza ntchito pakhomo. Amadzuka m'bandakucha ku Bauleni kapena ku Kalingalinga kudzasesa nyumba ya ku Woodlands kapena Kabulonga. Tsiku lina mayi wa nyumba apeza botolo la ma ARV m'chikwama cha mtsikanayo. Choyamba tifunse, m'chikwamamo ankafunamo chiyani? Kenaka amuchotsa ntchito ponamizira kuti ndi waulesi, ndipo mnzake wa ku mpingo akafuna kumulemba, amamunong'oneza kuti, "Ameneyo samalani naye, ndi wodwala." Pamenepo mtsikanayo wataya ntchito ziwiri tsiku limodzi, ndipo ana ake agona ndi njala. Amayi, kachilombo ka HIV sikafala pophika nsima, pochapa zovala kapena pobereka mwana kumbuyo. Mtsikana amene akumwa mankhwala ake mokhulupirika ndi munthu wosamala moyo, ndipo chimene afunika kwa inu ndi chilolezo cha tsiku lokatenga mankhwala popanda mafunso ambirimbiri. Kumukakamiza kukapimitsa ndi kukubweretserani pepala ndi cholakwa chofanana ndi chimene khoti la ku Livingstone linadzudzula.

NANGA MPINGO?

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Lamulo la 2021 lili ndi pothawira pamodzi: silikhudza munthu amene akusunga nkhani za ena pa zosowa za iye mwini, monga manambala a abale mu foni yanu kapena kakope kanu kolembamo masiku obadwa a adzukulu. Koma buku la Chigwirizano si kakope kanu. Mlembi akalemba maina a odwala, kumene amakhala, matenda awo ndi thandizo limene talipereka, bukulo ndi la gulu. Kaundula wa akhristu amene ali mu ofesi ya mpingo ndi wotero, pakuti ngakhale chipembedzo cha munthu chili pa mndandanda wa zofunika kusamala. Mpingo umene uli ndi sukulu, pulogalamu ya ana amasiye kapena gulu losamalira odwala m'makomo umasunga zinsinsi zambiri kuposa makampani ena a m'tauni.

Tsono lamulo limafuna chiyani kwa wosunga? Kuti atole zofunika zokha pa cholinga chodziwika, kuti mwini wake adziwe ndi kuvomera, kuti zisungidwe pamalo otetezeka, ndi kuti zisasungidwe kupitirira nthawi imene zikufunika. Mwini nkhani ali ndi ufulu wobweza chilolezo chimene anapereka. Za mwana zimafuna chilolezo cha kholo kapena womulera. Lamulo likunenanso kuti kuulula mosaloledwa nkhani zofunika kusamala zija ndi mlandu umene munthu angalipitsidwe nawo faindi kapena kumangidwa, ndipo wolakwiridwa angapemphe chipukutamisozi kukhoti.

Tiyeni tidzifunse moona mtima. Kodi kuti tikapereke shuga, sopo ndi kapenta kwa mayi wodwala, m'buku mufunika kulembedwa dzina la matenda ake? Ine ndikuona kuti sizifunika. Kodi bukulo limagona kuti? Nthawi zambiri limagona m'chikwama cha mlembi, pa tebulo la pabalaza pamene ana ndi alendo amafikapo. Mlembi akasintha, buku lakale limapita kuti?

Ndiye pali foni. Gulu la WhatsApp la Chigwirizano latithandiza kwambiri pa maliro ndi pa zopereka, koma ndi loopsa kuposa pakamwa. Mawu olankhulidwa amaiwalika, pamene uthenga wa pa foni umatumizidwa kwa ena monga momwe unalembedwera, ndipo pofika madzulo uli ku Kitwe, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. M'gulu la amayi 80 mulinso amuna awo ndi ana awo amene amagwira mafoniwo. Chinanso ndi zithunzi. Timapita ku UTH titavala yunifomu, timaimba, timapemphera, kenaka wina ati, "Tiyeni tijambulitse," ndipo wodwala ali gone, tsitsi losapesa, thumba la mkodzo likuoneka pambali pa bedi. Pofika usiku chithunzi chili pa Facebook ndi mawu akuti tinachezera odwala. Kodi tinamufunsa? Ndipo munthu wofooka, amene wangolandira kumene mphatso m'manja mwathu, angakane bwanji? Kumbuyo kwake mumaonekanso odwala ena a pa mabedi oyandikana, amene sitikuwadziwa n'komwe. Ine ndinganene kuti m'wodi foni izikhala m'chikwama.

Pa maliro napo tisamale. Mwambo wa madokotala ndi wakuti chinsinsi cha wodwala chimasungidwa ngakhale atamwalira. Wowerenga mbiri ya malemu anene zokhazo zimene banja lavomereza, pakuti wamasiye ndi ana ndiwo amatsala ndi mawu amene ife tawasiya kumanda.

Nanga mnansi wongomva nkhani pa mpopi ndi kukaiuza wina? Kawirikawiri ameneyo sadzaitanidwa ku ofesi ya Commissioner. Lamulo la dziko silingafike pa mpopi uliwonse ndi mu minibasi iliyonse. Koma lemba la Miyambo limene tawerenga limagawa anthu pawiri, woyenda ndi nkhani za eni ake ndi wokhulupirika amene amazisunga, ndipo silipatula mpopi kapena minibasi. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

PAMENE CHINSINSI CHIYENERA KUTULUKA

Tisamve ngati lamulo likuti chilichonse chibisidwe. Mwini wake akavomera, nkhani ingauzidwe amene iye wasankha. Namwino angauze dokotala, dokotala angauze wopereka mankhwala, pakuti onse akuthandiza wodwala mmodzi ndipo onse ali pansi pa lumbiro la chinsinsi. Khoti likalamula, chipatala chimapereka fayilo. Munthu akakomoka pangozi, achipatala sadikira chilolezo kuti apulumutse moyo wake.

Palinso matenda ofala msanga amene lamulo la Public Health Act limalamula kuti aboma adziwitsidwe. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala mu Januwale 2024, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Pa nthawi yotere, kubisa wodwala m'nyumba ndi kupha anansi. Koma onani kuti ouzidwa ndi a zaumoyo, kuti akathire mankhwala pachitsime ndi kuchimbudzi. Kuuza aboma ndi kwina, kuuza msika wonse wa Soweto ndi kwina.

Chachikulu koposa ndi cha ana. Mwana akagwiriridwa kapena kuchitidwa nkhanza, palibe chinsinsi cha banja chimene chiyenera kuteteza wolakwayo. Lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limafuna kuti nkhani zotere zikanenedwe. Pitani ku Victim Support Unit ya apolisi kapena kwa a Social Welfare, ndipo mwanayo afike kuchipatala msanga, pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala omuteteza ku kachilombo. Zachisoni n'zakuti ife timachita mosemphanitsa. Za mayi amene akumwa ma ARV timalengeza, koma za malume amene waononga mwana timati, "Tikambirane pachibale, tingachititse manyazi banja." Dzina la mwanayo lisungidwe, inde, koma mlanduwo upite kumene uyenera kupita.

ZA M'BANJA

Funso limene limabwera nthawi zonse ndikaphunzitsa za nkhaniyi ndi ili: "Kodi ine mkazi wake wa ukwati woyera, namwino angandibisire zotsatira za mwamuna wanga?" Yankho ndi lakuti inde, sangakuuzeni popanda chilolezo cha mwini wake. Ndikudziwa kuti zimenezi n'zowawa. Pali amayi amene anasamalira amuna awo mpaka kumanda, ndi kudzapeza makhadi a kuchipatala m'thumba la jekete maliro atatha. Mkwiyo wawo ndi womveka, ndipo sindingawauze kuti asakwiye.

Koma taganizirani mbali inayi. M'mabanja ambiri woyamba kupimidwa ndi mkazi, chifukwa ndiye amapita ku sikelo akakhala ndi pakati. Namwino akanakhala ndi ufulu woimbira foni mwamuna, amayi angati akanapeza katundu wawo ali panja pobwerera kunyumba, akunenedwa kuti ndiwo abweretsa matenda? Ndipo abambo, amene kale n'kale amaopa chipatala, akanadziwa kuti zotsatira zidzawatsogolera kunyumba, ndani akanapita kukapimitsa? Mpanda umene ukubisa za amuna anu ndi womwewo umene ukuteteza inu.

Lamulo silinakusiyeni manja ali m'khosi. Mungapite kukapimitsa nokha tsiku lililonse popanda kupempha chilolezo kwa munthu. Mungapemphe amuna anu kuti mupite limodzi, mulandire uphungu ndi zotsatira pamodzi, ndipo imeneyi ndiyo njira imene alangizi a zinkhoswe ayenera kuilimbikitsa ukwati usanamangidwe. Ngati mukukayika, funsani kukiliniki za mankhwala oteteza otchedwa PrEP. Aphungu a kuchipatala amathandizanso munthu amene akuopa kuuza mnzake wa m'banja: amakhala nawo onse awiri ndi kuwathandiza kulankhulana. Dziwaninso kuti munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso popima magazi sapatsira mnzake pogonana. Mabanja ambiri amene mmodzi ali nako ndipo wina alibe akukhala bwinobwino ndi kubereka ana athanzi.

Tsono mnzanu akakuuzani kuti ali ndi kachilombo koma sanauze amuna ake, mutani? Kuthamangira kwa bamboyo si ntchito yanu. Kungokhala chete ngati palibe moyo wina umene uli pangozi sikokwaniranso. Khalani naye, mufunseni chimene akuopa, pakuti mwina ndi nkhonya, mwina ndi kuthamangitsidwa ndi ana. Muuzeni mosabisa kuti mwamunayo ayenera kudziwa, ndipo dziperekeni kumuperekeza kwa phungu. Zingatenge masabata. Yosefe, atapeza kuti Mariya ali ndi pakati, anali ndi chifukwa chomveka chomuyalutsira, koma Mateyu akutiuza kuti anasankha njira yosamuchititsa manyazi pagulu, ndipo akumutcha munthu wolungama.

MWINI WAKE NDIYE ATSEGULA

Wina anganene kuti, "Kodi kubisa si kumene kunatha anthu m'zaka za m'ma 1990? Kodi sitinaphunzitsidwe kulankhula poyera?" Zoona. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wake Masuzyo, amene anamwalira mu 1986, anafa ndi Edzi, pa nthawi imene atsogoleri ambiri mu Africa sankafuna n'kutchula komwe dzinalo. Mu 1990 Winstone Zulu anaima poyera ndi kunena kuti ali ndi kachilombo, woyamba m'Zambia kuchita zimenezi, ndipo anakhala akuphunzitsa anthu za HIV ndi TB mpaka imfa yake mu 2011. Anthu amenewa anatsegula maso a dziko. Koma a Kaunda ananena za m'nyumba mwawo, ndipo a Zulu ananena za thupi lawo. Palibe amene anawalengezera. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Taonaninso mayi uja wa pa Marko 5, amene anadwala nthenda yotaya magazi zaka 12 ndi kutha chuma chake chonse kwa asing'anga. Nthenda yake inali yochititsa manyazi ndipo inamupatula pakati pa anthu, n'chifukwa chake anadzera kumbuyo. Ambuye anafunsa kuti wawakhudza ndani, ndipo anadikira. Mayiyo ndiye anabwera, akunjenjemera, ndi kufotokoza zonse ndi pakamwa pake. Ntchito yathu ndi kupanga Chigwirizano kukhala malo amene mayi wotere angalimbe mtima kulankhula, ndipo sangalimbe mtima ngati anaona zimene tinamuchita mnzake chaka chatha.

TICHITE CHIYANI?

Mnzanu akakuuzani za matenda ake, musanasiyane mufunseni kuti, "Kodi ndingauze ena? Ndiuze yani? Ndinene kuti chiyani?" Akati abusa okha, ndi abusa okha. Akati amayi apemphere koma osatchula dzina, chitani chomwecho, ndipo musawonjezere tsinya kapena kamawu koti anthu alote. Mulungu safuna kuti timuuze dzina la matenda kuti amve pemphero. Komiti ya Chigwirizano igwirizane za amene asunge buku la odwala ndi kumene lizikhala, ndipo oyang'anira gulu la WhatsApp akhale ndi mphamvu yofufuta uthenga woulula za matenda a munthu, ngakhale wolembayo akhale amayi busa.

Dziwaninso ufulu wanu mukakhala inu odwala. Mungapemphe kuona zimene zalembedwa za inu, ndi kuti zolakwika zikonzedwe. Mungapemphe kulankhula ndi namwino pamalo poduka mphepo. Mungafunse kuti, "Magaziwa mukupima chiyani?" Wachipatala akaulula za inu, yambani mwadandaula kwa woyang'anira kiliniki kapena chipatalacho, ndipo lembani tsiku, dzina lake ndi zimene zinanenedwa. Zikakanika, pitani ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Lusaka, kapena ku bungwe limene wantchitoyo analembetsa. Ngati ndi kampani, sukulu kapena bungwe lina, dandaulo lingapite kwa Data Protection Commissioner. Human Rights Commission imalandiranso madandaulo, ndipo amayi osowa ndalama ya loya angafunse thandizo ku Legal Aid Board kapena ku National Legal Aid Clinic for Women kuno ku Lusaka.

Pomaliza phunziro, gawikanani m'magulu a amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi ndi kukambirana nkhani iyi. Mayi wina wa Chigwirizano amadzipereka kukiliniki, ndipo amadziwa kuti mnyamata wina wa kwaya amatenga ma ARV kumeneko. Sabata yatha abusa alengeza ukwati wa mnyamatayo ndi mwana wamkazi wa mlembi wa Chigwirizano, amene ndi mnzake wapamtima wa mayi uja kuyambira ali atsikana. Mayiyu sakudziwa ngati mtsikanayo anauzidwa. Ukwati watsala masabata atatu. Ayambe kulankhula ndi yani, ndipo anene chiyani?